Ankhazi Nyalongwe ndi Kabokosi ka pa Thanki

Mwala wa pamanda a Ankhazi Nyalongwe tauvundukula Loweruka lapitali, mwera ukuwomba moti nsalu yoyera imene tinaphimbira mwalawo inatsala pang'ono kuuluka abusa asanamalize pemphero. Nsaluyo itachotsedwa ndinaona chimene ena sanachione. Mmisiri wozokota anayamba dzina lawo ndi zilembo zikuluzikulu, koma atafika pakati anazindikira kuti malo amuthera. Zilembo zotsalazo anazipanikiza, ndipo chomalizira chinakwera pa mzere wa m'mphepete. Ndinaseka ndekha pakati pa anthu olira, bambo anga n'kundiyang'ana ndi diso lofiira. Koma mayi amene agona pansi pa mwalawo anakalamba akusaka cholakwa chomwechi, chinthu chachikulu kuposa malo amene achikonzera, ndipo akanakhala moyo akanamubweza mmisiriyo atasenza mwala wake.

Anali mlongo wa bambo anga, n'chifukwa chake ndimawatchula Ankhazi monga timatchulira kuno ku Chintheche. A kumwera akanati azakhali. Anali wamfupi, wowonda, woyenda ngati wina wawaitana. Sindikumbukira kuti ndinawaonapo atakhala pampando mpaka nkhani kutha. Ankadya chiimire. Tiyi ankamuthira, n'kumuiwala pawindo, n'kuthira wina. Kutchalitchi ankakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi chitseko, ndipo ulaliki ukatalika ankatuluka, n'kuzungulira tchalitchi, n'kubwerera. Minibasi ikachedwa kudzaza ankatsika n'kuyamba wapansi, ndipo nthawi zambiri inkawapeza atafika kale pafupi ndi msika.

Imfa inawapezanso pamsewu. Anagwa m'mbali mwa msewu wa tala akupita kukagula waya, amayi ogulitsa usipa n'kuwanyamula. Kuchipatala anati mtsempha wa m'mutu waphulika. Sanalankhulenso, koma dzanja lawo lamanja linkagogodabe chitsulo cha bedi mpaka tsiku lomwe anatisiya.

Ntchito yawo anthu ambiri kumudzi sankaimvetsa. Ankangoti amakonza makompyuta, ndiye ankawabweretsera mawailesi akufa ndi mafoni ogwera m'madzi, iwo n'kumawabweza ndi mkwiyo. Anachoka kuno ali mtsikana kukagwira ntchito yotaipa ku Blantyre, kumene anaphunzira kulemba mapulogalamu posuzumira ntchito ya amuna amene ankawataipira. Kenako anapita ku Joni, monga ambiri a kwathu kuno, koma iwo sanapite kukaphika kapena kukalima maluwa. Ankalemba mapulogalamu a timakina ting'onoting'ono, monga masikelo a m'masitolo ndi mapampu a petulo, m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa C. Ankati chilankhulo chimenechi chili ngati chikwanje chakuthwa chopanda chigwiriro: chimagwira ntchito msanga, koma chimadula ndi mwini yemwe. Mwamuna wawo anamwalirira komweko, mwana wawo mmodzi anakana kubwerera, ndipo iwo anabwera okha ndi thiranki yodzaza nthambo.

Ine ntchito yanga ndi yoika masola. Tsiku limene ndinkaika sola padenga pawo ndi limene anandifotokozera za cholakwa chimene ankadana nacho kuposa zonse. Ine ndili pamwamba, iwo akuzungulira nyumba n'kumalankhula mokweza. Anati m'mutu mwa kamakina malo osungira zinthu amakhala ondondozana ngati minda ya chinangwa ya anthu a banja limodzi. Wolemba pulogalamu amapatula kagawo, kamene amakatcha bafa, n'kunena kuti muno mukhala dzina, kapena uthenga. Ngati chobweracho n'chachitali kuposa kagawoko, ndipo wolembayo sanayeze, makina sakana. Amangolemba, n'kudumpha malire, n'kufafaniza zimene zili m'kagawo koyandikana nako. Choopsa n'chakuti pulogalamu sigwa pomwepo. Imayenda bwinobwino, n'kudzagwa mawa lake pamalo ena pamene palibe cholakwa chilichonse. Ankakonda kunena kuti amene wagwa si amene walakwa, ndipo wosaka cholakwa pamene pamveka kulira amatha chaka akumenya wosalakwa.

Njira yawo yogwirira mbava yotereyi ankaitcha kuwaza phulusa. Kumbali zonse ziwiri za kagawo kalikonse ankalembako nambala imodzi yodziwika, mobwerezabwereza, imene pulogalamu siyenera kuikhudza. Kenako ankailamula pulogalamuyo kuti iziyendera malirewo pafupipafupi. Ikapeza kuti nambala ija yasintha, ndiye kuti china chadutsa, ndipo phazi lake latsala paphulusa. Lamulo lawo lina linali lakuti posaka cholakwa usasinthe zinthu ziwiri tsiku limodzi, chifukwa vuto likatha sudzadziwa chimene chalithetsa.

Ankakangana ndi aliyense. Anakangana ndi makondakitala chifukwa chokhazika anthu ambiri pampando. Anakangana ndi anyamata ochokera ku koleji amene ankabwera kudzawaonetsa mapulogalamu a pafoni. Ankawauza kuti zilankhulo zawo zatsopanozo zimawagwira dzanja ngati ana a mkaka, ndipo tsiku limene adzatsike pansi pamene pali chitsulo chenicheni adzalira. Anyamatawo ankachoka atakwiya, koma ankabweranso, chifukwa Ankhazi akamakalipa ankakhala akukonza. Mkangano waukulu unali ndi bambo anga, ndipo unali wa munda. Khasu la bambo linkadya mzere umodzi chaka chilichonse kulowa m'munda wa mlongo wawo. Ankhazi anadzala khonje m'malire. Bambo anazula. Anakhala nyengo yaitali osadyerana, akungopatsana moni wa patchalitchi.

Nkhani imene anthu adzawakumbukire nayo ndi ya thanki. Mudzi wathu unalandira chitsime chokhala ndi pampu ya sola, thanki yaikulu pachitunda, ndi mipopi yotsikira kumakomo. Ine ndi amene ndinaika masola ake. Kabokosi koyendetsa pampuyo kanapsa ndi mphezi mvula yoyamba, ndipo amene anakabweretsa anali atapita kale. Ankhazi anapanga kena ndi manja awo, osalandira kanthu. Kabokosi kawoko kankayeza madzi a m'thanki, n'kuyatsa pampu madzi akatsika, n'kuizimitsa akadzaza. Munalinso simukhadi, kuti a komiti ya madzi azitumiza uthenga wa pafoni wofunsa mmene madzi alili. Wapampando wa komitiyo anali bambo anga. Woyang'anira thanki, wosunga makiyi, anali a Chikopa, munthu wa ku Mulanje amene anabwera kudzagwira ntchito palojiya ya alendo ya ku Kande, n'kukwatira kuno, n'kukhazikika. Chitonga ankamva, koma ankayankha m'Chichewa.

Kabokosiko kanayenda bwino nthawi yaitali. Ndiye chaka chija cha kolera madzi anayamba kuleka mwadzidzidzi. Dzuwa lilipo, mabatire ali odzaza, koma thanki ili gwa, youma. Amayi ankathamangira kwa a Chikopa, iwo n'kukwera pachitunda, n'kuzimitsa kabokosi ndi kukayatsanso, madzi n'kubwerera. Anthu anayamba kuwerengera okha: munthuyu akagwira bokosi madzi amabwera, ndiye kuti ndi yemweyu amawatseka. Ena anati amapatutsira madzi kwa anzake a kulojiya. Ena anati amatchajitsa mafoni pamabatire athu. Pamsonkhano wa komiti a Chikopa ananena mwaulemu kuti mwina vuto lili m'bokosi. Ankhazi anali ataima kumbuyo. Anayankha mwachidule, pamaso pa onse, kuti bokosi silinama, limachita chimene lauzidwa.

Sabata imeneyo a Chikopa anapita kumaliro kwawo, ndipo madzi analeka iwo kulibe, makiyi ali nawo. Amayi anatunga kunyanja. Mwana wa msodzi wina woyandikana nafe anatsegula m'mimba, ndipo anamwalira asanafike naye kuchipatala. Palibe amene angalumbire kuti anali madzi amenewo. Koma a Chikopa atabwerako anapeza malata a nyumba yawo atabooka ndi miyala, ndipo ana awo atasiya kupita kusukulu chifukwa anzawo ankawagenda. Komiti inawalanda makiyi. Tsiku lomwelo bambo anandituma kuti ndichotse kabokosi ndi kulumikiza pampu mwachindunji, kuti iziyenda dzuwa likangotuluka. Kuyambira pamenepo madzi sanalekenso, ndipo mudzi wonse unati umboni ndi umenewo: mwamulanda makiyi, madzi abwerera.

Amene mtima wawo sunakhale pansi anali Ankhazi okha. Anandipeza ndikumanga nthambo padenga la sukulu, n'kundiitana kuti nditsike.

"Yesaya, tsiku lija munachita zingati? Munalanda makiyi, munachotsanso bokosi. Ndiye chachiritsa madzi n'chiti?"

Ndinawauza kuti nkhani yatha, anthu akumwa madzi, asaidzutsenso. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, n'kundilamula kuti ndiwatengere kabokosiko kunyumba.

Palibe amene anawatuma. Chimene akanapeza chikanangowagwera iwo eni. Komabe anakalumikiza ku laputopu yawo yakale n'kuyamba kukazunza. Anakatumizira kudzera pa laputopuyo mauthenga onse amene a komiti ankatumiza, anakanamiza kuti thanki yadzaza, anakanamiza kuti yauma, anakaika padzuwa kuti katenthe. Kabokosiko kanayankha bwino chilichonse. Wina akanakondwa. Iwo ankangoyendayenda pakhonde, akulankhula okha chizungu cha ku Joni, chakudya chikuuma m'mbale. Kenako anakumbukira kuti kabokosi kali patebulopo n'kosiyana ndi kamene kanali pathanki, chifukwa bambo anga anali atachotsamo simukhadi ya komiti n'kuisunga. Anapita kwa mlongo wawo, kulowa m'nyumba imene anali asanapondemo chiyambire nkhani ya khonje. Bambo anakana, anati katundu wa komiti satuluka popanda msonkhano. Ankhazi anati akhala pomwepo mpaka msonkhanowo uchitike, ndipo anayamba kuzungulira pabalaza. Bambo anatopa ndi kuwaona, n'kuwapatsa.

Anawaza phulusa lawo pa kagawo kalikonse ka m'pulogalamu, n'kuikamo kanyali kofiira koti kayake malire akangopondedwa. Anabwezeramo simukhadi, n'kupachika kabokosiko pathanki, kosalumikiza ku pampu. Ndiye anayamba kukwera chitunda chija m'mawa, masana ndi madzulo. Amayi a pampopi ankanong'onezana kuti Nyalongwe mutu wayamba kuzungulira. Panapita masiku, kanyali kali zii.

Kanayaka Lachitatu lina masana. Ananditumira mwana wa pasukulu kuti ndibwere ndi makwerero, ndipo ndinawapeza atakhala pansi m'fumbi, laputopu pamiyendo. Malire opondedwawo anali a kagawo kolandirira uthenga wa pafoni. Kuseri kwa kagawoko n'kumene pulogalamu inkasunga mlingo wa madzi woyatsira pampu. Kumeneko kunali kutalembedwa zinyalala, moti kabokosiko kankakhulupirira kuti thanki siinatsike mokwanira, ngakhale itauma. Ukakazimitsa ndi kukayatsanso, mlingo weniweni unkabwerera, ndipo n'chifukwa chake dzanja la a Chikopa linkaoneka ngati ndilo likutseka ndi kutsegula.

Chimene chinaponda phulusacho chinali mndandanda wa manambala. Ankhazi anawagawa anayianayi n'kuyamba kuwamasulira ndi chala pafumbi, chilembo chimodzichimodzi. Anatuluka mawu akuti "pambana lero". Anatulutsa foni yawo n'kundionetsa uthenga umene nawonso unawafika m'mawa womwewo, wa malonda a juga ya mpira, wotumizidwa kwa aliyense, wokhala ndi kachithunzi ka mpira kumapeto. Anandifotokozera kuti uthenga wa zilembo wamba uli ndi malire ake, ndipo iwo anapatula malo okwanira malirewo. Koma uthenga ukakhala ndi kachithunzi, kachipangizo kolandira mauthenga kamapereka chilembo chilichonse ngati manambala anayi, ndiye uthenga waufupi umafika utatalika kuposa malo ake. Iwo anakhulupirira kuti zimenezi sizingachitike, ndipo sanayeze. Kuti atsimikize, anagwiritsa ntchito dibaga, pulogalamu yoimitsa inzake pamene ukufuna, n'kuiuza kuti iime chinthu chikangokhudza malo a mlingo aja. Anatumiza uthenga wa jugawo ku simukhadi ya komiti. Pulogalamu inaima pamzere umene iwo analemba ndi dzanja lawo.

Bambo anga atamva anabwera okha kunyumba kwa mlongo wawo. Anawapempha kuti akonze mwakachetechete. Anati mwana wafa, mitima ya anthu ndi yowawa, ndipo miyala imene inagwa pa malata a Chikopa ikhoza kugwa pa malata a mbumba yathu ya Longwe. Anati a Chikopa tiwabwezera makiyi pang'onopang'ono, tinene kuti tawakhululukira. Mawu akuti kukhululukira ndi amene anawapsetsa mtima Ankhazi. Anafunsa kuti munthu wosalakwa amakhululukidwa chiyani. Anawauza bambo kuti akapanda kuitanitsa msonkhano, iwo akaimirira m'tchalitchi pakati pa zolengeza.

Msonkhano unachitikira pathanki pomwepo, Lamulungu titaweruka kutchalitchi. A Chikopa anabwera mochedwa n'kuima patali ndi akazi awo. Bambo a mwana womwalira uja analiponso. Ankhazi anandiuza kuti ndilumikize kabokosi ku pampu monga kale, pulogalamu ili yosakonza. Pampu inayamba kulira, madzi akukwera m'paipi. Anakweza foni yawo kuti onse aione, anawerenga uthenga wa juga uja mokweza, anthu ena n'kuseka chifukwa nawonso anali nawo. Anautumiza. Tinadikira pang'ono, mphepo ikuwomba madiresi oyera a amayi. M'kabokosi munalira kachitsulo, pampu n'kuti zii, thanki isanafike ndi pakati pomwe. Palibe amene anali atagwira kanthu.

Analankhula m'Chichewa, kuti a Chikopa amve liwu lililonse.

"Ndinanena pano kuti bokosi silinama. Bokosi linachita chimene ndinaliuza, ndipo ndinaliuza molakwa. Madzi ankatseka ndine. A Chikopa awa anakuuzani zoona, ine n'kuwatseka pakamwa. Amene ali ndi mwala abwere nawo kwanga."

Msodzi uja anawayang'ana nthawi yaitali, n'kutembenuka, n'kutsika chitunda. Bambo anga anatulutsa makiyi m'thumba la jekete n'kupita nawo kwa a Chikopa, atawagwira ndi manja awiri. A Chikopa sanawalandire.

"Mayi, zikomo kuti mwanena," anatero, akuyang'ana Ankhazi. "Koma anthu awa sanadikire bokosi kuti andigende. Ndawaona mmene alili. Makiyiwo sungani."

Anasamuka mvula isanayambe, n'kupita ku Dwangwa ndi banja lawo lonse. Ankhazi anawaperekeza mpaka pamsewu atasenza mtolo wa akazi a Chikopa. Miyala sinagwe pa malata a Ankhazi, koma amayi ena anasiya kuwapatsa moni, ndipo mayi a mwana uja ankapatuka akawaona akubwera. Pulogalamu anaikonza tsiku lomwelo, ndi mizere yochepa yoyeza utali wa uthenga usanalowe, ndipo phulusa lija analisiya momwemo. Makiyi anatenga ndi iwo, popeza panalibe wina wowafuna. Mayi wokalamba choncho ankakwera chitunda tsiku lililonse kukapukuta masola ndi kutsuka sefa. Za mwana uja sanalankhulepo ndi ine, kupatula kamodzi, tikutsika, pamene anandifunsa ngati ndikudziwa dzina lake. Nditawauza, analibwereza kawiri chapansipansi, n'kufulumira kutsogola.

Chiyambire pamenepo anasiya kunyoza anyamata a ku koleji aja. Ankawakalipirabe, koma asanayambe ankawaonetsa mzere wawo wolakwika uja, n'kuwauza kuti apeze okha chimene chasowapo. Ndi bambo anga sanagwirizane za munda mpaka imfa. Koma pa tsiku la maliro bambo ndi amene anakana kuti wina aliyense awathandize kutsika m'manda kukalandira bokosi la mlongo wawo, ngakhale mawondo awo ndi ofooka.

Titachoka kumanda Loweruka lija ndinadzera kunyumba kwa Ankhazi, chifukwa wophika wina wa kulojiya akufuna kuchita lendi ndipo ananditumira uthenga wofunsa ngati netiweki imagwira. Chipinda chimene ankagwiriramo ntchito chili kumbuyo, moyang'ana kuphiri. Tebulo analitenga a kusukulu, ndipo pasimenti patsala mabala anayi a dzimbiri pamene panali miyendo yake. Pakhoma pali misomali yopanda chopachika, ndi mzere wakuda pamene utsi wa chowotcherera nthambo unkakwera. Mavu amanga pa soketi. Pakona wina waunjika matumba a chinangwa chouma, ndipo fungo lake ladzaza chipinda chonse. Chitseko chilibe loko, mphepo inkangochitsegula ndi kuchimenyetsa. Ndinayenda ndi foni m'makona onse kufuna netiweki, n'kuipeza pawindo pokha. Ndinamuyankha wophikayo kuti imagwira, koma uyenera kuimirira.